Utuchi wotchipa sunalowe m'khola

Ndimagwira ntchito pamalo oweta mbewa ndi makoswe kuno ku Johannesburg. Timagulitsa kwa anthu osunga njoka, makamaka nsato zing'onozing'ono za ball python. Mbewa zambiri ndi kapuku, zomwe zija timakumba kumudzi tikakolola.

Lolemba abwana anabwera ndi matumba a utuchi omwe anaupeza motchipa kwa kalipentala wina. Nditamasula thumba limodzi, fungo la paini wamuwisi linandilasa m'mphuno. Nditapisa dzanja ndinatulutsa tizidutswa tobiriwira. Amenewo ndi matabwa othiridwa CCA, mankhwala oteteza ku chiswe, ndipo muli poizoni wotchedwa arsenic.

"Bwana, uwu sitingayale," ndinatero.

"Aa, si zikukadyedwa ndi njoka basi?"

Mawu amenewa amandipweteka. Mbewa imagona mphuno ili mu utuchi usana ndi usiku, komanso imatafuna chilichonse. Mafuta onunkhira a mu paini wosaumitsidwa, makamakanso a mu cedar, amavulaza chifuwa chake ndi kusokoneza chiwindi. Ndiye njoka imameza mbewa yonse, ubweya ndi matumbo omwe. Kasitomala amene wasunga nsato yake zaka 10 umuuza chiyani? Abwana anakhala chete, kenako anati matumbawo abwezedwe.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali zotsuka mabokosi basi. Tinayala paini woumitsidwa mu uvuni, wosefa fumbi. Utuchi wa mtengo wa aspen ndiye wabwino koposa, koma amachokera kunja ndipo mtengo wake ndi wowawa, choncho timasungira zazikazi zoyamwitsa.

Lachinayi kunazizira koopsa, monga muja imachitira June kuno. Mnyamata watsopano, wa ku Mangochi, anatseka mawindo onse chifukwa cha chisoni, n'kuikira tiana thonje. Ndinamuonetsa kamwana kamodzi kofiira, kopanda ubweya, ulusi wa thonje utakazinga mwendo mpaka kutupa. Ndinaudula pang'onopang'ono ndi kalumo.

"Achimwene, nanga tizifunda chiyani?" anafunsa.

Tinang'amba mapepala ofewa opanda inki, make n'kuyamba kuwakokera pakona yekha. Mawindo tinatsegulako pang'ono. Mkodzo ukaunjikana umatulutsa mpweya woipa wotchedwa ammonia, ndipo ukamva maso akuyabwa uli chiimire, dziwa kuti mbewa pansipo zavutika kale.

Lachisanu tinayang'ana bokosi lililonse, kumvetsera ngati pali yoyetsemula. Sitinaipeze. Kamwana kaja kakuyamwa, ngakhale mwendowo sunaphwe bwinobwino.