Nambala ya kompyuta pa chithunzi cha m'chifuwa: zimene ndaphunzira teremu ino

Kumayambiriro kwa teremu ino aphunzitsi athu anatipatsa zithunzi 40 za X-ray ya m'chifuwa, zochotsedwa mayina a eni ake, natiuza kuti aliyense akhale payekha pa kompyuta ndi kulemba ngati pa chithunzi chilichonse akuonapo zizindikiro za chifuwa chachikulu kapena ayi. Ntchitoyo ndinaigwira monga anatiphunzitsira. Ndinkayamba ndaona ngati wodwalayo anaima molunjika ndiponso ngati anakoka mpweya wokwanira, zimene munthu amadziwa powerenga nthiti, kenaka ndinkayenda ndi maso kuchokera kunsonga kwa mapapo, kuseri kwa mafupa awiri opingasa m'munsi mwa khosi, kutsika mpaka kumakona kumene mapapo amathera, osaiwala kusuzumira kuseri kwa mtima. Patatha masabata atatu anatipatsanso zithunzi 40, ndipo titamaliza m'pamene anatiululira kuti zinali zomwe zija, anangozisakaniza. Pa zithunzi 7 ndinali nditadzitsutsa ndekha: chimene ndinati chili bwino ulendo woyamba ndinachikayikira ulendo wachiwiri, ndipo chimene ndinachilemba molimba mtima kuti chili ndi matenda ndinachidutsa osaonapo kanthu.

Manyazi anandigwira, koma nditayamba kuwerenga za mbiri ya ntchitoyi ndinapeza kuti vuto langalo ndi lakale kuposa makolo anga. Wilhelm Conrad Röntgen anatulukira X-ray ku Würzburg pa 8 Novembala 1895, ndipo madokotala anayamba kuigwiritsa ntchito mwachangu chodabwitsa, koma panatenga zaka zoposa 50 kuti wina afunse mwadongosolo ngati anthu owerenga zithunzizo amagwirizana. Mu 1947, ku America, akatswiri asanu anapatsidwa zithunzi za anthu amodzimodzi pofuna kuona kuti ndi mtundu uti wa filimu umene umagwira bwino chifuwa chachikulu. Chimene chinatuluka poyera si kusiyana kwa mafilimu ayi, koma kusiyana kwa owerengawo. Kuyambira mu 1949 katswiri wina, L. Henry Garland, analondola nkhaniyi ndipo anaonetsa kuti ngakhale owerenga okhwima pa ntchito ankaphonya pafupifupi zithunzi 30 pa 100 zilizonse zimene zinali ndi vuto, komanso kuti akapatsidwanso zithunzi zomwezo ankasintha maganizo pa chimodzi mwa zisanu. M'chaka chomwecho cha 1947, ndipo pa nkhani yomweyi ya zithunzi za m'chifuwa, Jacob Yerushalmy analongosola miyeso iwiri imene lero wophunzira aliyense wa zaumoyo amaloweza, sensitivity ndi specificity. Woyamba umafunsa kuti mwa anthu amene alidi ndi matenda, njira yoyezerayo yagwira angati. Wachiwiri umafunsa kuti mwa anthu amene alibe matenda, yamasula angati. Ndinali nditaloweza mawu awiriwa kalekale pokonzekera mayeso, koma sindinkadziwa kuti anabadwira pa chifuwa chachikulu.

Kafukufuku amene anandiseketsa, kenaka n'kundisowetsa mtendere, ndi wa mu 2013 wa Trafton Drew ndi anzake ku Boston. Iwo anaika kachithunzi ka nyani wamkulu wotchedwa gorilla m'kati mwa zithunzi za CT za mapapo (zithunzi za X-ray zoonetsa thupi m'magawomagawo), kachithunziko kakukulu kuwirikiza ka 48 poyerekeza ndi kachotupa kamene akatswiri ankafunafuna. Mwa akatswiri 24, okwana 20 sanamuone nyaniyo, ngakhale kuti makina olondola maso anaonetsa kuti ambiri mwa iwo anayang'ana ndithu pamalo pomwe anali. Diso la munthu limapeza chimene latumidwa, ndipo zina zonse limazidumpha.

Apa m'pamene kompyuta imalowera, ndipo apa ndi pamene ndathera nthawi yochuluka. Mapulogalamu owerenga zithunzi amaphunzitsidwa powaonetsa zithunzi zikwizikwi zimene yankho lake likudziwika kale, mpaka atayamba kuzindikira okha maonekedwe amene amayenderana ndi matenda. Mu Malichi 2021 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti mapulogalamu otere angagwiritsidwe ntchito m'malo mwa munthu powerenga zithunzi za m'chifuwa pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Mapulogalamu amene anaunikidwa pa nthawiyo anali atatu: CAD4TB wa ku Netherlands, qXR wa ku India ndi Lunit INSIGHT CXR wa ku South Korea. Kwa dziko ngati lathu, kumene makina ojambulira angapezeke pa chipatala cha boma la kutali koma dokotala wodziwa kuwerenga zithunzi ali mumzinda, nkhaniyi si yamasewera.

Chimene sindinkamvetsa ndisanayambe kuwerenga n'chakuti pulogalamuyo sinena kuti munthu uyu akudwala kapena sakudwala. Imangopereka nambala, mwachitsanzo CAD4TB imapereka kuyambira pa 0 kufika pa 100, pamodzi ndi chithunzi chopakidwa mitundu pamalo pamene yakayikira. Munthu ndiye amasankha malire, kunena kuti aliyense wopitirira nambala yakuti apereke makhololo kuti akayezedwe pa makina a GeneXpert, ofufuza tizilombo ta chifuwa chachikulu. Malirewo akatsitsidwa, odwala ambiri amagwidwa, koma anthu abwinobwino ambiri nawonso amatumizidwa kukayezetsa. Akakwezedwa, ndalama zoyezera makhololo zimapulumuka, koma odwala ena amabwerera kunyumba akutsokomola. Kuti ndizimvetse ndinachita masamu papepala, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Titenge anthu 1,000, mwa iwo 10 ali ndi chifuwa chachikulu, ndipo pulogalamu yathu ikukwanitsa mlingo wochepetsetsa umene WHO inaika mu 2014 pa njira yosankhira anthu oyenera kuyezedwa, wogwira odwala 90 pa 100 ndi kumasula anthu abwino 70 pa 100. Mwa odwala 10 aja igwira 9, mmodzi apita. Mwa anthu 990 opanda matenda ikayikira 297. Ndiye kuti anthu 306 apereka makhololo kuti tipeze odwala 9, ndipo munthu amene kompyuta yamuloza ali ndi mwayi waukulu kwambiri wopezeka kuti alibe matendawa. Pulogalamu yomweyo, pa malire omwewo, ikapita m'chipinda cha odwala chifuwa kumene munthu mmodzi mwa asanu alidi ndi matenda, tanthauzo la nambala yake limasinthiratu. Kuyambira tsiku limenelo, ndikatsegula lipoti la kafukufuku ndimayamba ndafufuza kuti anayeza anthu otani, kuti malire anawaika pati, ndiponso kuti yankho loona analitenga kuti, kwa dokotala wina wowerenga zithunzi kapena ku labotale kumene anameretsa tizilombo ta m'makhololo.

Palinso vuto lina lobisika kwambiri, la pulogalamu yokhoza mayeso mwachinyengo. Mu 2018 John Zech ndi anzake anaphunzitsa pulogalamu kuzindikira chibayo pogwiritsa ntchito zithunzi za ku chipatala cha Mount Sinai ku New York ndi za ku National Institutes of Health, bungwe la boma la America lochita kafukufuku wa zaumoyo. Ku Mount Sinai pafupifupi chithunzi chimodzi mwa zitatu chinali cha munthu wa chibayo, pamene ku malo enawo chinali pafupifupi chimodzi pa 100. Pulogalamuyo inaphunzira kuzindikira chipatala chimene chithunzi chachokera, mwa zina poyang'ana kachitsulo ka chilembo kamene wojambula amaika pakona kusonyeza mbali ya kumanja kapena ya kumanzere, ndipo kudziwa chipatala kokhako kunali kokwanira kuikwezera malikisi. Itayesedwa pa zithunzi za kwina inatsika. Nkhaniyi inandikhudza chifukwa kachitsulo kameneko ndimakagwira ndi manja anga tsiku lililonse ndikakhala pa maphunziro a m'chipatala, ndipo sindinaganizepo kuti kaikidwe kanga ka chilembo R kangalowe m'maphunziro a makina. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso pa nkhokwe ya zithunzi 112,120 imene National Institutes of Health inatulutsa mu 2017: zithunzi zambiri za anthu amene phapo lawo linaphwa zinali ndi kapaipi kotulutsira mpweya, kutanthauza kuti wodwalayo anali atathandizidwa kale, ndipo pulogalamu yophunzira pa zithunzi zotere imatha kumasaka kapaipiko m'malo mosaka matenda.

Pa chifuwa chachikulu, chopunthwitsa chachikulu ndi zipsera. Munthu amene anadwala n'kumaliza mankhwala ake kawirikawiri amatsala ndi zipsera kunsonga kwa mapapo moyo wake wonse, ndipo pa chithunzi chimodzi n'zovuta kusiyanitsa chipsera chakale ndi matenda amene akuyaka panopa. Kafukufuku wamkulu wa ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, amene anasindikizidwa mu 2021, anayerekeza mapulogalamu asanu pa anthu oposa 23,000. Onse asanu anaposa madokotala owerenga zithunzi amene anapikisana nawo, koma onse anafooka pa anthu achikulire ndi pa anthu amene anadwalapo kale chifuwa chachikulu. Kuno kwathu pali chinanso chowonjezera: munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chake chatsika kwambiri angakhale ndi chifuwa chachikulu mapapo ake akuoneka ngati oyera, chifukwa mabowo amene timawafuna pa chithunzi amapangidwa ndi nkhondo ya thupi lenilenilo polimbana ndi tizilombo.

N'chifukwa chake kafukufuku amene ndamuwerenga mobwerezabwereza ndi wa kwathu konkuno, wotchedwa PROSPECT, amene anachitikira pa chipatala cha Bangwe ku Blantyre mu 2018 ndi 2019 motsogozedwa ndi Peter MacPherson, nasindikizidwa mu 2021. Ubwino wake ndi wakuti sanafunse ngati kompyuta imawerenga bwino kuposa dokotala. Anafunsa ngati wodwala amapindula. Akuluakulu 1,462 amene anabwera ku chipatala akutsokomola anagawidwa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba linalandira chithandizo cha masiku onse, lachiwiri linawonjezeredwa kuyezedwa HIV, ndipo lachitatu linayezedwa HIV komanso kujambulidwa m'chifuwa, chithunzi n'kuwerengedwa ndi CAD4TB, amene nambala yawo yakwera n'kupereka makhololo. Mwa amene anayamba mankhwala a chifuwa chachikulu, nthawi yapakati yodikira inali masiku 11 m'gulu loyamba, masiku 6 m'gulu lachiwiri ndi tsiku limodzi lokha m'gulu lachitatu. Nditaona manambalawa koyamba ndinalemba m'kope langa ndi zilembo zazikulu kuti nkhani yatha. Nditabwerera ku tebulo la zotsatira ndinaona kuti anthu amene anayamba mankhwala anali 5, 8 ndi 15 m'magulu atatuwo, onse pamodzi 28, ndipo pa anthu ochepa chotere munthu ayenera kulankhula motsitsa mawu. Ofufuzawo anawerengeranso ndalama napeza kuti pa mitengo ya nthawi imeneyo njirayi inali yodula poyerekeza ndi zimene thumba la zaumoyo la Malawi lingakwanitse. Ndimawalemekeza chifukwa cholemba zimenezi mosabisa, pakuti ndawerenga malipoti ena ambiri amene amathera pa nambala yokongola osanena kuti makinawo adzafuna magetsi, munthu wowakonza akawonongeka, ndi ndalama zolipira eni pulogalamu.

Mu 2016 Geoffrey Hinton, mmodzi mwa akatswiri otchuka pa luso la makina ophunzira, ananena poyera kuti nthawi yakwana yosiya kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi, poti m'zaka zisanu makompyuta adzawaposa. Zaka zisanuzo zinadutsa ndipo madokotalawo akusowabe m'mayiko ambiri. Ine maganizo anga ndi akuti funso lopikisanitsa munthu ndi makina ndi la mayiko amene ali ndi onse awiri. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi chithunzi chimawerengedwa ndi dokotala wothandizira amene pakhomo pake pali mzere wa anthu, kapena sichiwerengedwa n'komwe, ndipo pulogalamu iyenera kuyerekezedwa ndi zimenezo. Koma malire a nambala sayenera kungokoperedwa kuchokera ku Dhaka kapena ku Netherlands. Ayenera kuyesedwa pa anthu athu, pa makina athu, ndipo ayesedwenso nthawi iliyonse pamene eni pulogalamu atulutsa mtundu watsopano, chifukwa nambala 50 ya mtundu wakale si nambala 50 ya mtundu watsopano.

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndi wamng'ono ndithu, ndipo ndamumangira pa nkhani ya zipserayi: ndikufuna kuona mmene manambala amasiyanirana pakati pa anthu amene anamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu ndi amene sanamwepo. Ganizoli linachokera pa chithunzi nambala 23 mwa zithunzi 40 zija, chimodzi mwa zimene ndinadzitsutsa nazo. Kunsonga kwa phapo la kumanja kunali mizere yoyera yothinana, ndipo fupa lopingasa lija linkaphimba theka lake, moti ulendo woyamba ndinati ndi chifuwa chachikulu, ulendo wachiwiri ndinati ayi. Aphunzitsi anatiuza pambuyo pake kuti mwini chithunzicho anamaliza mankhwala zaka zingapo m'mbuyomo ndipo makhololo ake sanameretse kanthu ku labotale. Sabata yatha ndinachilowetsa kawiri mu pulogalamu yophunzirira imene tili nayo m'kalasi, ndipo maulendo onse awiri inapereka 71 ndi kupaka kufiira pa mizere yomwe ija.