Mtima wa kumanja

Nditatopa ndi kudzutsidwa pakati pa usiku m'mawodi, ndinaganiza zofunsira malo ophunzira ukatswiri wa radiology, uja wa madokotala okhala m'chipinda cha mdima n'kumawerenga zithunzi za m'thupi. M'kalata yofunsira malo ndinalemba kuti ntchitoyi ndinayamba kuikonda ndili mwana. Bodza. Ndinkangofuna tulo, osadziwa kuti iwonso foni imawadzutsa.

Pokonzekera intavyu ndinaloweza mbiri yonse ngati ndakatulo. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895 ku Würzburg, anajambula dzanja la mkazi wake mphete ili pachala, mu 1901 analandira mphoto ya Nobel. Godfrey Hounsfield ndi makina ake a CT ojambula m'kati mwa thupi, pa sikelo yake madzi ndi 0, mpweya ndi -1000. Ndinkazilakatula ngakhale posamba.

Tsikulo ndinalowa nditavala jekete yobwereka, mikono yake yofika m'zala. Kuseri kwa tebulo kunali madokotala atatu. Wapakati, pulofesa wa imvi mbuu, za Röntgen sanafunse n'komwe. Anangosolola filimu yakale mu envulopu.

"Masiku ano zonse zili pakompyuta, koma ine ndi wachikale. Ikolekeni pabokosi lowalalo, adokotala, mutiuze zimene mukuona."

Ndinaikoleka manja akunjenjemera. Kuyang'ana, maso anga tong'o. Chithunzi cha pachifuwa timachiona ngati tayang'anizana ndi mwiniwake, ndiye mtima umaonekera kudzanja lathu lamanja. Uwu unali kumanzere kwanga. Kampweya ka m'chifu nako kanali komweko, chiwindi chitasamukira mbali inayo.

Mumtima ndinati, ahaa, nkhalambayi yatchera msampha, koma lero yakumana nazo.

"Situs inversus," ndinatero nditatukula chifuwa. "Ziwalo zonse zakhala motembenuka. Zimapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 10,000."

Akanakhala wina akanalekera pomwepo. Ine ayi. Ndinalowa mu Kartagener syndrome, matenda a m'mapapo ndi m'mphuno amene amapezeka mwa anthu ena a ziwalo zotembenuka, ndikuti wodwalayu timufunse za chifuwa chosatha ndi kutsekeka m'mphuno. Ndinachenjezanso madokotala a opaleshoni, amene sanalipo n'komwe, kuti appendix, kathumba kaja ka m'matumbo, ikadzatupa ululu udzamveka kumanzere. Mayi dokotala amene anakhala kumapeto anali ataluma cholembera, mapewa akugwedezeka. Ine ndinkati ndi chidwi.

"Mwamaliza?" anafunsa pulofesa. "Tatiwerengereni kachilembo kali pakonapo."

Ndinasendera pafupi. Kanali ka L, kaja amaika ojambula posonyeza mbali ya kumanzere. Koma ka L aka phazi lake linaloza chakumbuyo, ngati kolembedwa ndi mwana woyamba kumene sukulu. Dzina la chipatala nalonso linkawerengeka pokhapokha utabwera ndi galasi.

Pulofesa anadzuka mosapupuluma, anachotsa filimu ija, kuitembenuza, kuikolekanso. Mtima unabwerera kwawo. Chiwindi chimodzimodzi.

"Mwaona, adokotala? Ndamuchiza popanda opaleshoni."

Mayi aja cholembera chinawagwa pakamwa. Mafunso otsatira sindikuwakumbuka, ndimangokumbuka thukuta likuyenderera m'jekete ya eni ake. Atandithokoza ndinanyamuka mwaulemu wonse, n'kugwira chitseko choyamba chimene ndinachiona. M'kati munali mashelefu a maenvulopu okhaokha.

"Khomo lili kumanzere, adokotala," anatero pulofesa osadzutsa mutu. "Kumanzere kwanu, osati kwa wodwala."