Mita imanama ngati magetsi sakuyenda

Mtima wakhala pansi tsopano. Funso limene lakhala likundisowetsa tulo chiyambireni maphunziro a zamagetsi a galimoto ndi ili: zimatheka bwanji kuti batire ikuonetsa 12.6 volts, mafyuzi onse ali bwino, koma ukangopotoza kiyi pamamveka "ka!" kamodzi, dashibodi yonse n'kuzima? Corolla yakale imene tikuphunzirirapo ku galaja imachita zimenezi, ndipo ukaisiya pang'ono magetsi amabwerera okha.

Za kuyeza batire ndi kuona ngati alitaneta ikupereka pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts tonse tikuzidziwa, sinditayapo nthawi. Chimene chanditsegula maso n'chakuti mita yoyezera magetsi (multimeter) siikoka magetsi ambiri. Ukaiika pa volts, mkati mwake muli pafupifupi 10 megaohms, kutanthauza kuti magetsi amavutika kwambiri kudutsamo, choncho amene amadutsamo ndi ochepetsetsa. Teminolo ya batire ikhale yodyeka ndi dzimbiri loyera lija, chingwe chikhale chatsala ndi timawaya tiwiri tokha, mita ikuuzabe kuti 12.6. Zili ngati mpopi wa paipi yotsekeka ndi matope: uli wotseka madzi amaoneka ngati ali ndi mphamvu, ukautsegula amangodontha.

Masamu ake ndi a lamulo la Ohm (ma volts otayika ndi amps kuchulukitsa ndi ohms), koma ndinali ndisanawaonepo akugwira ntchito chonchi. Tiyerekeze kuti polumikizira pali 0.02 ohms. Nyali zakutsogolo zikukoka pafupifupi 10 amps, ndiye potaya ndi 0.2 volts basi, nyali zikuwala bwinobwino ndipo palibe angakayikire kanthu. Sitata ikakoka 150 amps, malo omwewo akudya 3 volts, komanso akutentha kwambiri. Kamalo kakang'ono kamene kamagundana kaja kamapsa, njira n'kuduka, galimoto yonse n'kuda bii. Pakazizira kapena wina akagwedeza chingwe, pamagundananso. Vuto lonse lija ndi limeneli.

Ndiye yankho ndi voltage drop test. Sukuyezanso kuti magetsi alipo angati, ukuyeza amene akutayika panjira, ndipo uyenera kuyeza pamene akuyenda. Nsonga imodzi ya mita pa mtovu weniweni wa batire, inayo pa kalampu yake, mnzako apotoze kiyi. Malo awiri ogundana bwino ayenera kuonetsa pafupifupi ziro. Pa Corolla ija, teminolo ya positive inali bwino. Titayeza kuchoka pa negative kufika pa injini, mita inalumpha kupitirira 9 volts. Chingwe cha ethi, chochokera ku negative ya batire, chinali chooneka chabwinobwino kunja, koma pabawuti ya pabodi panali dzimbiri lokhalokha, ndipo mkati mwa pulasitiki mawaya anali obiriwira. Mzere wonse wa sitata sufunika kutaya kupitirira theka la volt.

Ine panopa ndikuona kuti njira imeneyi ikuposa zonse. Fusible link (kawaya kogwira ntchito ngati fyuzi) yong'aluka, switch ya kiyi yotha, relay yopsa mkati, fyuzi yolowa mokhwepa, zonsezi zimagwidwa mofanana: yatsa chinthucho, yenda ndi mita malo ndi malo, pamene nambala yakwera ndi pomwepo. Sumasula kanthu, sugula kanthu. Nditapatsidwa mwayi wophunzitsa obwera kumene, sabata yoyamba yonse ingakhale ya zimenezi zokha. Ngakhale tesita ya babu ndayamba kuilemekeza, chifukwa iyo imakokako magetsi pang'ono, koma siikuuza kuti atayika angati.

Chimene chimandipweteka n'chakuti m'kalasi tinathera nthawi yaitali pa continuity, kuyeza ngati waya sanaduke. Mita ikalira "pii" timalemba kuti waya ali bwino, aphunzitsi n'kuchonga. Koma kawaya kamodzi kotsala m'chingwe chonse n'kokwanira kuti mita ilire! Ndipo zingwe za mita pazokha zimatha kuonetsa 0.2 kapena 0.3 ohms, ndiye 0.02 ungaione bwanji? Voltage drop inatchulidwa m'ndime imodzi ya manotsi, tinaloweza tanthauzo lake chifukwa cha mayeso, n'kupitirira. Nthawi ya pulakitiko ndi yochepa, galimoto imodzi anthu ambirimbiri, mita imafika m'manja mwako belu litatsala pang'ono kulira. Kunja kuno nakonso anthu akugulitsidwa mabatire atsopano, ena alitaneta, pamene vuto linali bawuti imodzi yofuna sandipepa. Eni galimoto zakale zochokera ku Japan si anthu a ndalama zotaya chonchi.

Pamene ndikadali wosokonezeka ndi pa galimoto yozima ili pa msewu, osati poliza. Injini ikuyenda, alitaneta ndi imene ikudyetsa zonse, choncho teminolo yokhwepa payokha siyenera kuzimitsa chilichonse nthawi yomweyo. Maganizo anga amathamangira ku switch ya kiyi kapena fyuzi yaikulu ya m'bokosi la pafupi ndi batire. Koma vuto lotere limabwera pa bampu, kwa masekondi ochepa, ndipo pofika ku galaja zonse zili bwino. Ndayesa kugwedeza mawaya nyali zili zoyaka, mita ili pamalo, nambala osasuntha. Mwina ndimangirire mita mkati ndiziyenda nayo, koma ndiilumikize pati poyamba? Apa njira yanga yokondedwayi sindinaone bwino mmene ndingaigwiritsire ntchito.