Galu Uja Akundisekabe

Popeza chithunzi chija chazungulira kale, ndipo ena mwayamba kundiimbira kufunsa ngati ndayamba geni ya zitsulo zakutha, kuli bwino ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Inde, munthu ali pa kabaza uja, atakumbatira TV ya linunda ngati akuthamangira nayo kuchipatala, ndine. Ayi, sindinaibe. Ndipo amene anajambulayo ndikumudziwa, tidzakumana pamaliro.

Mlandu wonse ndi wa filimu. Loweruka madzulo tinkaonera Pixels, ija ya Adam Sandler ya mu 2015. Zolengedwa za kudziko lina zimalandira kanema wa magemu a m'ma 1980, n'kuyesa kuti anthu akuziputa nkhondo, basi zimabwera kudzatithira machaka zitasanduka magemu omwewo. Pac-Man wamkulu ngati tchalitchi akumeza misewu ya New York, asilikali manja lende. Opulumutsa dziko n'kukhala madoda amene ali ana ankaswera pa magemu, mmodzi mwa iwo ntchito yake yolumikiza ma TV m'nyumba za anthu.

Ana ankaseka Pac-Man. Ine sindinkaseka, ndinkagwedeza mutu ngati ndili mu ulaliki. Opanga mafilimu oterewa amadziwa pomwe bambo woyandikira zaka 40 pamamuyabwa. Amakunong'oneza kuti masana onse aja mayi ako ankakukalipira kuti ukutaya nthawi, iwe unali pa maphunziro, ndipo tsiku lina pulezidenti adzakufunafuna. Nthabwala zake zambiri n'zozizira, ndivomere, koma ukangomva kanyimbo ka gemu ya kale mtima umafewa ngati mbatata yowotcha.

Pofika pomwe zinaululika kuti katswiri wa mpikisano wa mu 1982 uja anachita kubera, analemba manambala achinsinsi pa magalasi ake, ndinatsonya mokweza. Ndinati munthu wobera pa gemu ndi woti sungamusiyire mphika wa nyama. Mawu amenewa muwasunge.

Kenako pakamwa panayamba kuyenda pokha. Ndinauza nyumba yonse kuti mu 1999, chaka chomwe TVM inayamba kuwulutsa, ku Zingwangwa konse kunalibe wondiposa pa gemu yowombera abakha, Duck Hunt. Gemuyo inali ya mnzathu wina amene bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo timalowa m'nyumba mwawo titasamba mapazi, kukhala pansi mwadongosolo ngati pa sadaka. Kaseti ikakana timaiuzira mpweya, aliyense nthawi yake, mpaka malovu. Ndinati ine chipolopolo chimodzi, bakha mmodzi. Alamu anga, amene anabwera kudzacheza ndi mchemwali wanga, anangoti, "Alamu, mbiri ya mlenje amaisimba ndi ndiwo." Mchemwali wangayo sanayankhule. Anangomwetulira, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanathera pomwepo.

Lolemba ndinali ku Limbe. Ndinaipeza, mtundu womwe uja: mapadi awiri oyendetsera gemu, mfuti yapulasitiki yopepuka ngati chitsononkho, ndi kaseti yachikasu yolembedwa kuti muli magemu 9999. Tonse tikudziwa kuti amakhala ochepa, amangobwerezabwereza, Mario yemweyo atavala malaya ena. Wogulitsayo anandifunsa kuti mwana amene ndikumugulirayo ali ndi zaka zingati. Ndinati zisanu ndi zitatu.

Lamulungu tikuweruka kutchalitchi ndinaitana anthu. Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje ndi manja anga, chifukwa palibe anandituma. Alamu anabwera, mchemwali, mwana wawo wa Fomu 2, aneba awiri, ngakhale apongozi anga aakazi amene anangodzera kudzasiya nkhwani anapatsidwa mpando. Ndinalumikiza zingwe ku plasma yathu, ndinapinda manja a shati, ndinauza ana asunthe kuti angavulale. Kanyimbo kaja kanalira, galu ananunkhiza pansi n'kudumphira mu udzu, ndipo kwa kanthawi ndinali ndi zaka 12, fungo la palafini ndi zitumbuwa m'mphuno.

Bakha pululu. Pha! Pha! Pha! Zipolopolo zitatu zonse, bakha n'kumapita kwawo bwinobwino, osathothoka ndi nthenga yomwe.

Ndiye galu anadzuka.

Amene simunaione gemuyi, mvetsani. Ukaphonya, galu yemweyo, wako, amene mwapita naye kosaka, amatulukira mu udzu pang'onopang'ono, dzanja pakamwa, mapewa akugwedezeka, n'kumakuseka. Saseka mokweza ayi. Amaseka ngati mayi wa pa mjigo amene wamva nkhani yako koma sakufuna udziwe kuti waimva. Khi-khi-khi-khi. Galu ameneyu anajambulidwa ku Japan mu 1984, ine ndisanabadwe. Wakhala mu udzumo zaka zoposa 40, osadya, osakalamba, osachita chiwewe, kungodikira kuti tsiku lina bambo wina wa ku Blantyre adzavale shati ya kutchalitchi n'kuitana apongozi ake. Ndipo pa plasma yaikulu amaoneka bwino kwambiri kuposa kale. Mano onse. Maso ake sankayang'ana wina aliyense m'nyumbamo, ankayang'ana ine, ndipo ndikulumbira kuti ulendo wachinayi anachedwerapo kulowa mu udzu. Ndinamuwombera. Ndinamuwomberanso. Gemuyo sikulola, galu ali ndi chitetezo ngati kazembe. Anatsika, bakha wina anauluka, ndinaphonya, iye n'kubweranso ndi mphamvu zatsopano ngati wakamwa thobwa kuseriko.

Abakha khumi, osagwa ndi mmodzi yemwe. M'nyumba munali zii, kupatula galuyo. Kenako apongozi anafunsa mwaulemu wonse, akuyang'ana mwana wawo osati ine, "Kodi kagaluko kakusangalala kuti bambo apambana?"

Alamu anatuluka panja. Tinkawamva ali kuseri kwa bafa akutsokomola.

Amene anandipulumutsa, kwa kanthawi, ndi mwana wa Fomu 2 uja. Anasanthula pa foni n'kuti, "Amalume, vuto si inu." Mawu okoma chonchi sindinawamvepo chikwatirire. Nkhani yake ndi yoti mfutiyo situlutsa kanthu, imachita kuona. Ukakoka, TV imada bii kwa kamphindi kochepa kwambiri moti diso silizindikira bwino, kenako pomwe pali bakha pamawala kabokosi koyera, ndipo kadiso ka m'mfutimo kakaona kuwalako gemu imadziwa kuti walasa. TV zakale zija zimaonetsa chithunzi nthawi yomweyo. Zamakonozi zimayamba zachikonza kaye, n'kuchedwa pang'ono, moti kabokosi kakamafika mfuti imakhala itasiya kale kuyang'ana. Ngakhale msilikali wa ku Cobbe Barracks akanaphonya. Ndinapempha mwanayo abwereze, mokweza, alamu atabwerera.

Munthu wanzeru akanalandira chigamulo chimenechi n'kuitanitsa nsima. Ine ndinafunsa kuti ndani ali ndi TV yakale. Apongozi anati yawo ili m'chipinda chosungira chimanga chisiyireni kuigwiritsa ntchito. Mayi a kunyumba anandigwira mkono n'kunena chapansipansi, "Bambo, zisiyeni, anthu amva kale." Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Za ulendowo mwaona kale pa chithunzi. Ndingowonjeza kuti TV imeneyo ndi yolemera ngati thumba la simenti, kulemera kwake konse kuli kutsogolo, ndipo wa kabaza anandilipiritsa anthu awiri. Pa chitunda china chingwe chinakola mu sipoko, tinaima, ana a m'mudzi n'kumatifunsa ngati kuli mpira.

Tinaiika pa tebulo, tinapukuta fumbi ndi gaga. Itayaka inalira kaye ngati njuchi, kenako kuseri kunatuluka mphemvu, banja lonse, agogo ndi zidzukulu, kulunjika kukhitchini. Mayi a kunyumba anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana TV.

Kuti tione ngati mfuti ikugwira, ndinapatsa mwana wa Fomu 2. Mwana amene sanaigwirepo chibadwire. Anaima kutali, pafupi ndi chitseko, dzanja limodzi m'thumba. Pha, bakha pansi. Pha, wina pansi. Galu n'kumatuluka atanyamula abakha m'manja, nkhope yaulemu, ngati galu wa m'nyumba yopemphera. Ndinati zabwino, zida zili bwino, tsopano abwere eni ake.

Ndinaima pomwe anaima mwanayo. Ndinatsinzina diso limodzi. Pha! Pha! Pha!

Khi-khi-khi-khi.

Ndinati dzanja latopa ndi kunyamula TV, zomwe zinali zoona. Ndinati kuwala kwa pawindo kukusokoneza, anatseka makatani. Ndinati mwana wagwira padi, pakuti mu gemu imeneyi munthu wachiwiri wogwira padi amatha kumuyendetsa bakhayo, zimenezi n'zoonanso, kafufuzeni. Padi inali pansi, yokha, palibe anaikhudza. Ndinaphonya ena asanu.

Apa mchemwali wanga, amene anakhala chete sabata yonse ngati mphaka wodikira mbewa, anaika kapu ya tiyi pansi. "Iwe, bwanji osangochita zomwe unkachita kale?" Ndinati zotani. Anati, "Si unkagunditsa mfuti pagalasi penipeni? Mpaka mayi ake a mnzako uja anakuthamangitsa kuti uwaswera TV. Unabwera kunyumba ukulira, nsapato imodzi unaisiya komweko."

Ndikufuna ndinene mosabisa kuti zimenezi sindikuzikumbukira. Ndikukumbukira abakha akugwa. Ndikukumbukira anzanga akukuwa. N'kutheka kuti ankakuwa kuti ndisunthe akuona msana wanga wokha, koma patha zaka zambiri, palibe angatsimikize. Komanso palibe lamulo lolembedwa lonena mtunda woyenera kuima. Mlenje weniweni amayandikira nyama, funsani aliyense wa kumudzi. Kumeneko si kubera, n'kudziwa kusaka.

Alamu anafunsa ngati angandisiyire mphika wa nyama.

Ndinayandikira, inde. Anthu anali ataseka kale, panalibe chotaya. Ndinagwada patsogolo pa TV ya apongozi, bondo likulira, mfuti pagalasi, ndipo bakha mmodzi anagwa. Galu anamunyamula, koma sanaoneke wokondwa. Apongozi anawomba m'manja kawiri, mwina chifukwa cha chisoni, n'kunena kuti kukuda ayambepo.

TV ija ikadali pabalaza. Apongozi akuti tisavutike kuibweza, m'chipindamo mwapezeka malo a matumba awiri. Mphemvu tikulimbana nazo. Mwana wa Fomu 2 amabwera Loweruka lililonse, wafika kale raundi 12, ndipo amandipatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso. Ine ndimaseweranso usiku anthu akagona, mawu nditatsitsa. Dzulo ndinalasa atatu, ndili chakutali ndithu, pafupifupi mkono wathunthu. Panalibe woona.