Lipoti la ulendo wathu wa ku Ilha de Moçambique: nyumba yofiira ya São Paulo

Anzanga a m'gulu lathu la aphunzitsi a mbiri yakale, amene simunathe kupita nawo, nayi nkhani ya ulendo uja wa ku chilumba cha Ilha de Moçambique, m'dziko la Mozambique.

Tinatulukira pachipata cha Chiponde, n'kudzera ku Mandimba ndi Cuamba mpaka ku Nampula. Za kutalika kwa msewu ndisachulukitse gaga m'diwa. Chilumbacho tinalowera pa mlatho wopapatiza, wotalika makilomita opitirira 3, nyanja ya mchere uku ndi uku. Ena mwa ife aka kanali koyamba kuiona, ndipo m'basi munangoti zii.

Chimene tinapitira ndi nyumba yachifumu ya São Paulo, yofiira, yoyang'ana kudoko, ndi chiboliboli cha Vasco da Gama chili poteropo. Iyeyu anafika pachilumbachi mu 1498. Nyumbayi sinamangidwe kuti ikhale ya mafumu ayi. Anayamba kuimanga mu 1610 ngati sukulu ya ansembe achiJesuit. Mu 1759 boma la Portugal, motsogozedwa ndi nduna yaikulu Pombal, linathamangitsa ansembewo m'maiko ake onse, ndipo nyumbayo inasanduka ya bwanamkubwa. Momwe munkamveka mapemphero ndi maphunziro munayamba kutuluka malamulo olamulira dziko lonse la Mozambique. Koma nawo ulemererowo unasamuka mu 1898, likulu litapita ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. Atsamunda atachoka mu 1975, nyumbayi inatsala m'manja mwa boma la Mozambique, ndipo tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale. Chilumba chonse chinalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1991.

M'katimo muli mabedi ndi mipando yosemedwa mwaluso, zina zochokera ku Goa, ku India, komanso tchalitchi chaching'ono cha ansembe aja chokhala ndi gome lolalikirapo logoba mochititsa kaso. M'zipinda zapansi za nyumbayi akusungamo zinthu zovuulidwa m'zombo zomira, kuphatikizapo mbale za ku China.

Ineyo, kunena zoona, mtima unandilemera tili m'zipinda zam'mwambamo. Chipinda chilichonse chikunena za amene ankagonamo ndi kudyeramo. Nanga amene anasenza miyala, amene ankatunga madzi ndi kusonkha moto kukhitchini? Timaphunzitsa ana athu kuti amalonda achiYao ankanyamula minyanga ya njovu kuchokera kumadera ozungulira nyanja yathu kukafika nayo kugombeli, ndi kuti pambuyo pake m'njira zomwezo munadutsa anthu ogulitsidwa ukapolo. Nditasuzumira pazenera n'kuona doko, phunziro limene ndakhala ndikulemba pabolodi zaka zambiri linandilowa mumtima mwatsopano.

Potuluka tinayenda wapansi kupita ku Makuti, mbali ya chilumba kumene kumakhala anthu ambiri, nyumba zili zothinana m'malo otsika amene kale ankakumbamo miyala yomangira tauni ya atsamunda. Kumeneko amayi wina wa m'gulu lathu, wa ku Phalombe, analonjera mayi wogulitsa nsomba m'Chilomwe. Mayiyo anayankha m'Chimakhuwa, ndipo ngakhale mawu ena ankasiyana, anamvana ndithu. Anacheza mpaka dalaivala anachita kuwaimbira hutala.

Zithunzi za nyumbayi ndi za doko ndibwera nazo pamsonkhano wathu wotsatira, kuti aliyense asankhe zokaonetsa ana ake m'kalasi.