Kaundula wa malogo a matchanelo a ana: gawo loika madeti

Ntchito yosanja malogo a matchanelo a TV a ana yafika pa gawo loika madeti, ndipo gawoli latikakamiza kuphwasula kaundula yense. Poyamba logo iliyonse inali ndi mzere umodzi: dzina la tchanelo, chaka choyambira, chaka chothera. Dongosolo limeneli limaoneka laukhondo koma limanamiza, chifukwa tchanelo sichisintha maonekedwe ake onse tsiku limodzi. Tsopano tchanelo chilichonse chili ndi mizere inayi yoyenda payokhapayokha. Woyamba ndi wa kachizindikiro kokhala pakona ya sikirini pulogalamu ili mkati, komwe ku Britain amakatcha DOG ndipo ku America amati bug. Wachiwiri ndi wa ident, kakanema ka masekondi ochepa kotchula dzina la tchanelo pakati pa mapulogalamu. Wachitatu ndi wa zolengeza mapulogalamu akubwera, ndipo wachinayi ndi wa logo yotsekera kumapeto kwa katuni, mayina a opanga akatha.

Cartoon Network ndiyo inaonetsa poyera kuti mzere umodzi sukwanira. Tchanelochi chinayamba pa 1 Okutobala 1992 ndi logo ya timabokosi takuda ndi toyera tosinthanasinthana, tisanu ndi tiwiri mopingasa, mizere iwiri, kabokosi kalikonse chilembo chimodzi. Logoyo inakhala mpaka pa 14 Juni 2004. Munthu akangoona zaka ziwirizi angaganize kuti kwa zaka pafupifupi 12 palibe chinasintha. Chonsecho mu 1998 ma ident onse anasinthidwa, kunabwera aja opangidwa ndi Primal Screen okhala ndi nyimbo ya Powerhouse ya Raymond Scott, logo ili yomweyo. Itabwera logo ya 2004, ya zilembo ziwiri zokha, C ndi N, pa timabokosi tiwiri tooneka ngati tolimba, nayonso inadutsa m'maonekedwe angapo: mzinda uja wopangidwa ndi Animal Logic, momwe anthu a m'makatuni osiyanasiyana ankakhalira limodzi, kenaka mu 2008 tizidole topanda nkhope totchedwa Noods. Pa 29 Meyi 2010 timabokosito tinaphwatalala, tinakhala tiwiri togundana, ntchito ya Brand New School.

Msampha uli pa mzere wachinayi. Logo yaitali ya timabokosi 14 sinafe mu 2004. Inapitiriza kuoneka kumapeto kwa makatuni ndi pa katundu wogulitsa. Choncho tepi ya VHS yojambulidwa pa TV yokhala ndi mathero a katuni okha singaikidwe chaka potengera logo yotsekera. Chimodzimodzinso chaka cholembedwa pafupi ndi chizindikiro cha umwini kumapeto kwa mayina: chimanena chaka chomwe katuniyo inapangidwa, pomwe tepiyo mwina inajambulidwa patapita zaka zisanu. Chomwe chimathandiza ndi zomwe zazungulira pulogalamuyo. Kulengeza kuti filimu yakuti iyamba kuonetsedwa Lachisanu likudzali, malonda a zidole za Khirisimasi, mpikisano wokhala ndi tsiku lotsekera, zonsezi zimapanikiza deti mpaka kufika pa sabata imodzi kapena ziwiri. Tepi yomwe wojambula anadulamo malonda onse yataya umboni wake wambiri, ngakhale chithunzi chake chikhale chowala bwanji.

Danga lina lomwe lawonjezedwa ndi la dziko. Logo ya Nickelodeon ya zilembo zing'onozing'ono inayamba ku America pa 28 Seputembala 2009, koma ku Britain inafika mu Febuluwale 2010. Ya Cartoon Network (CN) ya 2004 inafika ku Britain mu 2005. Deti lopanda dziko silikulandiridwanso mu kaundula.

Nickelodeon yatenga nthawi yochuluka kuposa matchanelo ena onse pamodzi, ndipo m'pomveka. Inayamba kufalitsidwa dziko lonse la America pa 1 Epulo 1979. Kuyambira 1981 inali ndi mpira wonyezimira ngati siliva, wokhala ndi zilembo za mitundu ya utawaleza. Mu Okutobala 1984 kunabwera chinthu chomwe mpaka lero chikadali chanzeru kuposa zambiri zomwe zinatsatira. Tom Corey ndi Scott Nash, pogwira ntchito ndi Fred Seibert ndi Alan Goodman, anakhazikitsa zinthu ziwiri zokha: mtundu wa lalanje, ndi dzina lolembedwa moyera mu fonti ya Balloon. Kaumbidwe kake kanasiyidwa kaufulu. Lero dzinalo likhale pa chinthu chothapsika ngati utoto wogwa pansi, mawa pa fupa, mkucha pa ndege kapena pa phazi. Mwana wosadziwa kuwerenga ankazindikira tchanelo chake poona mtundu wokha ali kutali ndi sikirini.

Kwa wosanja, funso n'lakuti: kodi awa ndi malogo mazana kapena logo imodzi? Tasankha kuilemba ngati imodzi, kuyambira 1984 mpaka 2009, ndipo kaumbidwe kalikonse kakulowa pansi pake ndi nambala yake. Chomwe chimatsegula mzere watsopano ndi kusintha kwa lamulo lenilenilo, monga mu 2009 pomwe fonti ya Balloon inachotsedwa ndipo kumbuyo kwa dzina kunakhala kopanda kanthu. Chifukwa chake chinali cha banja lonse: matchanelo apachibale anali ndi malogo osafanana, ndiye anawapatsa kalembedwe kamodzi. Tsiku lomwelo Noggin inasanduka Nick Jr., The N inasanduka TeenNick. Zinathandiza pa malonda, koma china chake chamoyo chinatayika, ndipo sizodabwitsa kuti mu Malichi 2023 utoto wothapsika uja unabwereranso kumbuyo kwa zilembo za 2009. Pamenepa kaundula akuonetsa mzere wa ident ukusintha, zilembo zili zomwezo.

Za Disney Channel zalowa mosavuta. Inayamba pa 18 Epulo 1983, mu 1997 inatenga TV ya makutu a Mickey Mouse, mu 2002 mutu wa Mickey wosuzumira kuchokera pakona, ndipo mu 2014 mutuwo unachepa n'kukhala kadontho ka chilembo i. Ma ident a osewera m'mapulogalamu ake akujambula makutu m'malere ndi kandodo kowala anawoloka kusintha kwa 2014 ali bwinobwino, umboni winanso wakuti mizere iyenera kuyenda padera. CBBC ndi CBeebies, zomwe zinatsegulidwa pa 11 Febuluwale 2002 ndi tizilombo tofewa, tobiriwira kwa ana okulirapo ndi tachikasu kwa aang'ono, zalowanso. CBBC inasintha logo mu 2007 ndi mu 2016, pomwe CBeebies inasunga tizilombo take, ndipo zonse ziwiri zinakonzedwanso mu Malichi 2023 kuti zigwirizane ndi maonekedwe atsopano a BBC.

Tsopano za kachitidwe kake, chifukwa zithunzi zambiri zomwe zimayenda pa intaneti n'zopotoka ndipo okopera amangopatsirana kupotokako.

Tepi ya VHS ijambulidwe kulowa mu kompyuta pa 720 ndi 576 ngati ndi ya PAL (dongosolo la TV la ku Britain), kapena 720 ndi 480 ngati ndi ya NTSC (la ku America), kudzera pa chingwe cha S-Video ngati makinawo ali nacho, ndipo pakati pakhale TBC, chipangizo chowongola mizere ya chithunzi. Popanda TBC, m'mbali mowongoka mwa kabokosi ka CN mumaoneka manomano ngati sowo, ndipo pambuyo pake palibe pulogalamu ingawongole bwino. Fayilo yoyamba isungidwe m'njira yosataya kanthu, monga FFV1 kapena Huffyuv. Ikafinyidwa msanga kukhala MP4, m'mphepete mwa zilembo mumadzaza tizinyalala tomwe wojambulanso amatiyesa mbali ya logo.

Mapikiseli a kanema wakale si ofanana mbali zonse. Fulemu ya PAL ikatsegulidwa momwe ilili, chithunzi chimaoneka chowonda, pomwe ya NTSC imaoneka yonenepa. Kukonza kwake: dulani mapikiseli 8 kumanzere ndi 8 kumanja kuti patsale 704, kenaka tambasulani kufika pa 768 ndi 576, kapena pa NTSC finyani kufika pa 640 ndi 480. Mukatambasula 720 yonse osadula, logo imapotoka ndi pafupifupi 2 peresenti. N'zochepa, koma zimaoneka mukaisanjika pamwamba pa logo yeniyeni. Logo ya CN ya 1992 ndiyo muyeso wabwino: timabokosi take ndi tofanana mbali zonse, ndiye m'litali mwake muyenera kukhala katatu ndi theka poyerekeza ndi msinkhu wake. Ikatuluka mosiyana, vuto lili pa kutambasula. Makutu a Mickey amagwiranso ntchito yomweyo, akaoneka ngati mazira ndiye kuti penapake palakwika.

Ident yoyenda imafuna kulekanitsa ma field. Fulemu iliyonse ya kanema wakale ili ndi zithunzi ziwiri zolukana zotchedwa ma field, zojambulidwa nthawi zosiyana, 50 pa sekondi mu PAL. Mukaimitsa pomwe logo ikuuluka mumaona mizere ngati chipeso. Fyuluta ya bwdif kapena yadif mu ffmpeg, pulogalamu ya kompyuta yosinthira makanema, itaikidwa kuti itulutse chithunzi pa field iliyonse, imathetsa zimenezi, ndipo fyuluta ina ya QTGMC imachita bwino koposa ngakhale imachedwa. Pa logo yoima chilili musachite chilichonse, ma field awiriwo amakwanirana okha.

Kachizindikiro ka pakona ndiko kovuta, chifukwa nthawi zambiri kamaonekera mkati, ndipo mtundu wake umasakanikirana ndi katuni ili kumbuyo. Njira yomwe yapereka zotsatira zoyera ndi iyi. Tengani fulemu imodzi pa masekondi awiri aliwonse kwa mphindi 10, zomwe zikupatsani mafulemu 300, n'kuwaphatikiza mu pulogalamu ya zithunzi ya ImageMagick kuti atulutse avereji. Zoyenda zonse zimasungunuka kukhala chifunga chotuwa, logo yokha imatsala ili yakuthwa. Makatuni ali ndi vuto lawo: kumwamba kwa chithunzi kumakonda kukhala thambo la buluu losasintha, ndiye avereji imatuluka yabuluu ndipo logo yoyera imaoneka ngati inali ndi mtundu. Mafulemu achokere m'mapulogalamu atatu kapena anayi osiyana a tsiku lomwelo, ena a usiku, ena a m'nyumba.

Kuti mudziwe kuti kamaonekera mkati motani, pezani fulemu yomwe kumbuyo kuli kwakuda bii ndi ina yomwe kuli koyera mbee. Yambani mwasintha milingo ya kuwala kuchoka pa 16 mpaka 235 ya kanema kufika pa 0 mpaka 255, apo ayi masamu onse asokonekera. Tinene kuti pikiseli ya pakati pa chilembo ikuwerenga 153 pakuda ndi 255 poyera. Kusiyana kwake ndi 102, ndipo 102 kugawa ndi 255 ndi 0.4. Ndiye kuti magawo 40 pa 100 a kumbuyo akudutsa, logo ikuphimba 60. Gawani 153 ndi 0.6, mupeza 255: logoyo ndi yoyera, kutuwa kuja kunali kwa kumbuyo. Fulemu yakuda isatengedwe pa malire a malonda, chifukwa matchanelo ambiri amazimitsa kachizindikiroka pang'onopang'ono pamenepo ndipo muwerenga nambala yotsika.

Mtundu wochokera pa VHS usakhulupiriridwe kwambiri. Tepi imasunga kuwala bwinoko kuposa mtundu, ndiye lalanje wa Nickelodeon amatayikira kunja kwa malire ake, makamaka chakumanja, n'kudetsa zilembo zoyera. Malire a logo atengedwe pa chithunzi cha kuwala kokha, mtundu utazimitsidwa, ndipo mtundu uyezedwe pakati penipeni pa malo otakata. Onetsetsaninso kuti fayilo yalembedwa kuti ndi Rec. 601, muyeso wa mitundu wa kanema wakale. Ikawerengedwa ngati Rec. 709, muyeso wa kanema wa HD, wobiriwira wa CBBC amadera ndipo wofiira amapendekera ku lalanje. Pojambulanso logo mu pulogalamu ya Inkscape, kutsatira malire ndi dzanja pa chithunzi chokuzidwa kanayi kumaposa makina odzitsatira okha, omwe amazungulitsa makona akuthwa.

Chomwe chatsala ndi danga la malo, lomwe kaundula wakale analibe. Matchanelo atasamukira ku sikirini yotambalala ya 16:9, ambiri anasiya kachizindikiro kawo mkati mwa malire a 4:3 kuti owonera pa TV zakale asakataye. Pa chithunzi cha 1920 ndi 1080, malo a 4:3 ndi mapikiseli 1440 apakati, ndiye kumbali iliyonse kumatsala 240, ndipo logo imaoneka ngati yayandama kutali ndi kona. Tsiku lomwe inakankhidwira kukona yeniyeni ndi kusintha kwakekwake, ngakhale kajambulidwe kake sikanakhudzidwe, ndipo kawirikawiri silinkalengezedwa. Choncho fulemu iliyonse ya m'zaka zimenezo ikuyezedwa mtunda kuchokera m'mphepete mwa kumbali ndi mwa kumwamba kapena kumunsi, mu mapikiseli, ndipo matepi awiri oyandikana madeti omwe miyeso yake ikusiyana ndiwo akuikidwa ngati malire. Tikuyambira pa Boomerang, kuchokera pa maonekedwe ake a 2000 kufika pa logo yatsopano yomwe inafika ku America mu Januwale 2015, kenaka matchanelo a Fox Kids a ku Ulaya omwe anasanduka Jetix mu 2004 ndi 2005, dziko lililonse ndi mzere wake.