Lembani kaye m'kaundula, nthambo mulumikize pambuyo

Ine ndi anzanga a ntchito ya netiweki timasiyana maganizo pa batani limodzi lomwe mapulogalamu ambiri a DCIM, oyang'anira zipangizo za mu data center, amakhala nalo. Mukalidina, pulogalamu imapita yokha kukafunsa maswichi ndi maseva kuti ndi ndani, ali pati, alumikizana ndi yani, kenako n'kulemba zonse. Anzanga amalikonda chifukwa ntchito ya masiku ambiri imatha asanamalize kukhala pansi. Ine ndimaligwiritsa ntchito ndithu, koma sindilola kuti zomwe lapeza zilowe m'kaundula munthu asanaziwerenge.

Kaundula wa DCIM ndi malo olembamo mmene netiweki iyenera kukhalira, pomwe SNMP ndi LLDP, njira zomwe pulogalamu imadziwira za zipangizo, zimangokuuzani mmene ilili lero, ndi zolakwika zake zomwe. Tiyerekeze kuti wina wazula nthambo ya seva pa port 14 usiku n'kuibaya pa port 22 chifukwa 14 inkavuta, ndipo sanauze munthu. LLDP idzanena zoona, kuti sevayo ili pa 22. Zimenezo zikangolembedwa zokha, kusunthako kwasanduka dongosolo lovomerezeka, vuto la port 14 laiwalika, ndipo chipangizo chomwe 22 anaisungira chidzafika n'kupeza malo ali ndi mwini. NetBox, pulogalamu ya DCIM yomwe Jeremy Stretch anayamba kulemba ali ku DigitalOcean ndipo inatulutsidwa kuti aliyense aigwiritse ntchito mu 2016, inamangidwa pa ganizo lomweli: kaundula asonyeze chomwe mukufuna, ndipo eni pulogalamuyo salimbikitsa kuthiramo zopezeka pa netiweki zosaunikidwa. Kafukufuku wa batani lija ine ndimamuika pambali pa kaundula n'kuyerekeza. Pomwe awiriwa asiyana, m'modzi wa ife apite akaone, kenako tikonze nthambo kapena tikonze kaundula, tikudziwa chifukwa chake.

Anthu ambiri akatsegula pulogalamu yotere koyamba amathamangira ku maadiresi a IP, chifukwa ndi omwe amawavutitsa tsiku ndi tsiku. Ine ndimayambira pansi. Choyamba ndi malo, kenako rack iliyonse, kabati yoikamo zipangizo, ndi kutalika kwake. Rack yodziwika bwino ndi ya 42U, ndipo U imodzi, muyeso wa kutalika kwa malo mu rack, ndi mamilimita 44.45. Gwirizanani msanga ngati mukuwerenga kuchokera pansi kapena kumwamba, chifukwa munthu wotumidwa kukazimitsa seva ya pa U 10 akawerengera mbali ina adzazimitsa ya eni ake. Lembaninso mbali yomwe chipangizo chayang'ana. Maswichi a pamwamba pa rack nthawi zambiri amaikidwa ma port ake atayang'ana kumbuyo, komwe kuli ma port a maseva, ndiye mpweya wake uyenera kuyenda mogwirizana ndi mmene wakhaliramo. Mukagula swichi yokoka mpweya mbali yolakwika, imapuma mpweya wotentha womwe maseva atulutsa.

Mtundu wa chipangizo muulembe kamodzi koma molondola: ma port angati, a liwiro lanji, otchedwa chiyani. Dzina la port m'kaundula lifanane ndendende ndi lomwe swichi imadzitchula. Ikamati Ethernet1/14, inunso lembani Ethernet1/14, osati "eth14" chifukwa ndi lalifupi. Tsiku lomwe mudzafune kuti kompyuta iyerekeze ziwirizi, kusiyana kwa chilembo chimodzi kudzakupatsani mndandanda wa zolakwika zomwe kulibe.

Pomwe ndimataya nthawi yambiri mosadandaula ndi pa patch panel, bolodi la ma port lomwe nthambo zimangodutsirapo. Chipangizochi chilibe magetsi, chilibe adiresi, sichiyankha SNMP. LLDP sichiona n'komwe: swichi imangonena kuti mnansi wake ndi seva yakuti, ngakhale pakati pawo pali mapanelo awiri ndi nthambo zitatu. Choncho palibe kafukufuku yemwe angakulembereni zimenezi. Munthu aime pa rack, atsate nthambo ndi dzanja, alembe kuti port ya kutsogolo 7 imatulukira ku port ya kumbuyo 7, yomwe ikupita ku panelo ya rack ina. Ndi ntchito yotopetsa ndipo ambiri amaidumpha, n'kungolemba kuti seva yalumikizana ndi swichi mwachindunji. Kulumikizanako kukadzayamba kuduladula, wokonza amafika ndi mfundo ziwiri zokha, pomwe malo omwe vuto lingakhale ndi asanu ndi limodzi. Kaundula wolembedwa bwino amakusonyezani njira yonse, ndipo nambala yomwe ili pa pulogalamu ikhale yomweyo yomatidwa mbali zonse ziwiri za nthamboyo.

Zikatha izi m'pomwe ndimabwera ku ma VLAN, omwe amagawa netiweki imodzi m'zigawo, ndi maadiresi. RFC 1918, chikalata cha malamulo a intaneti cha mu 1996, chinapatula magulu atatu a maadiresi ogwiritsa ntchito mkati: 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16. Mu data center ndimapewa 192.168.0.0/24 ndi 192.168.1.0/24, chifukwa ma router ambiri a kunyumba amabwera ndi amenewo, ndipo wogwira ntchito akalowa mu netiweki ya kuntchito kudzera pa VPN ali kwawo, kompyuta yake imasokonezeka kuti adiresiyo ili m'nyumba mwake kapena ku seva. Gulu la 10 lili ndi maadiresi 16,777,216, ndiye palibe chifukwa chopanikizana. Patulani chigawo chachikulu cha malo aliwonse, mkati mwake mudule tizigawo, ndipo musiye mipata ya mtsogolo yolembedwa kuti yasungidwa. Pa nthambo yolumikiza ma router awiri okha, /31, ya maadiresi awiri okha, ndi yokwanira kuyambira pomwe RFC 3021 inatuluka mu 2000. Chinanso: adiresi muipachike pa interface, khomo lomwe seva imalumikizirana ndi netiweki, osati pa seva yonse. Seva imodzi imatha kukhala ndi ma interface anayi kapena kuposa, ndipo funso la usiku limakhala lakuti adiresiyo ili pa iti.

Nambala za VLAN zomwe mungagwiritse ntchito zimayambira 1 kufika 4094, chifukwa muyezo wake wa 802.1Q unazipatsa ma bit 12 okha. VXLAN, njira ina yogawira netiweki, inakweza malirewo kufika pa 16 miliyoni ndi kupitirira, koma mavuto omwe ine ndimakumana nawo sakhala a kuchepa kwa manambala. Amakhala a VLAN yotchedwa "test2" yomwe palibe akudziwa mwini wake ndipo aliyense akuopa kuichotsa. VLAN iliyonse ikhale ndi mwini, ntchito yake, ndi prefix (chigawo cha maadiresi) yomwe imayenda nayo. VLAN 1 ndimaisiya yopanda kanthu, popeza maswichi ambiri amaika port iliyonse yatsopano mmenemo.

Netiweki yoyang'anira zipangizo ikhale payokha, ndi maswichi akeake. Mmenemo ndi momwe mumakhala iDRAC ya maseva a Dell ndi iLO ya HPE, zoyang'anira seva muli kutali, ma PDU ogawa magetsi, ndi ma console a maswichi. Wolowa mmenemo amatha kuzimitsa rack yonse ali kutali. SNMP v2c imatumiza mawu ake achinsinsi osabisa, ndipo zipangizo zambiri zinkabwera ndi mawu akuti "public". Ngati chipangizo chikulola SNMPv3, gwiritsani ntchito imeneyo.

Ndiye pali funso lomwe ndimafuna aliyense alifunse asanamalize kuika pulogalamuyi: iyoyo ikukhala kuti? Pa 4 October 2021, Facebook inazimiririka pa intaneti kwa maola pafupifupi 6, lamulo lina la pa kompyuta loperekedwa pa ntchito yokonza litadula kulumikizana kwa ma data center ake. Zida zawo zamkati zofufuzira vuto zinapita nawo limodzi, mpaka akatswiri anachita kupita okha kukafika pa makinawo. Ngati DCIM yanu ili pa seva yodalira swichi yomwe yagwayo, kaundula yense simungamuone pa ola lomwe mukumufunitsitsa. Ine ndimaonetsetsa kuti tsiku lililonse kope lake likutuluka kupita kumalo ena osadalira netiweki imeneyo, ndipo mndandanda wa ma console ndi maadiresi oyang'anira ulipo woti munthu atha kuuwerenga zonse zitazima.

Kaundula amakhala wamoyo anthu akaona kuti kudzera mwa iye ndi kosavuta kuposa kumulambalala. Ansible, pulogalamu yokonza zipangizo yokha, ikamatenga VLAN ndi maadiresi kuchokera ku API ya NetBox n'kukonzera swichi, wofuna port yatsopano amayamba walemba, chifukwa njira ina palibe. Nthambo imalembedwa kuti "planned" isanagulidwe, imasanduka "connected" munthu akaibaya ndi kuiyesa. Pochotsa seva timatsata njira yomweyo mobwerera, ndipo adiresi yake timaisiya pa "deprecated" kwa kanthawi tisanaipereke kwa wina, kufikira titatsimikiza kuti DNS ndi malamulo a firewall sakuitchulanso.